Makala a biochar angamange mtovu m'dimba, koma sangathetse fumbi la ku Kabwe

Patha zaka zoposa 30 chitsekereni mgodi wa mtovu ndi zinki wa ku Kabwe, m'chigawo chapakati cha dziko la Zambia, koma ana a m'makomboni oyandikana ndi mgodiwo akupezekabe ndi mtovu wochuluka m'magazi mwawo. Kuchotsa dothi lonse loipitsidwa m'tauni yonse kumafuna ndalama zankhaninkhani, ndipo n'chifukwa chake akatswiri a zanthaka m'maiko osiyanasiyana akhala akufufuza njira zotsika mtengo zochepetsera mphamvu ya poizoni popanda kusuntha dothilo. Imodzi mwa njira zimene zatchuka kwambiri ndi kuthira m'nthaka makala opangidwa kuchokera ku zotsalira za m'munda, amene asayansi amawatcha biochar.

Umboni umene ulipo ukusonyeza kuti makalawa amathadi kumanga zitsulo zapoizoni monga mtovu ndi kadimiyamu kuti zisasungunuke m'madzi a m'nthaka n'kulowa m'mizu ya mbewu. Umboni womwewo ukusonyezanso kuti zitsulozo zimakhalabe momwemo m'dothi, ndipo mwana akameza fumbi la dothilo amamezera pamodzi ndi poizoni yemwe. Akuluakulu a boma amene amavomereza mapulojekiti ndi kugawa ndalama ayenera kusiyanitsa mfundo ziwirizi, chifukwa kuzisokoneza kungachititse kuti malo alembedwe m'malipoti kuti akonzedwa pamene ana akupwetekabe.

Gwero la vutoli

Miyala ya mtovu ndi zinki inapezeka pamalowa m'chaka cha 1902, tauniyi ikudziwika ndi dzina loti Broken Hill, ndipo ntchito yokumba ndi kusungunula inachitika kwa zaka pafupifupi 90 mpaka mgodi unatsekedwa mu 1994. Pa nthawi yonseyi utsi wa m'ng'anjo zosungunulira unkagwetsa mtovu pamadenga, m'mabwalo ndi m'minda ya anthu. Mgodi utatsekedwa panatsala milu ya zinyalala za pamgodi imene akuti imaposa matani 6 miliyoni, ndipo mphepo ya m'chilimwe imanyamulabe fumbi lake kupita kumakomboni monga Kasanda, Chowa, Makululu ndi Mutwe Wansofu.

Kuyeza kumene kunachitika m'makomboniwa kunapeza kuti ku Kasanda dothi la m'malo ambiri lili ndi mtovu wokwana mamiligalamu pafupifupi 3,000 pa kilogalamu iliyonse. Pofuna kuyerekeza, bungwe loona za chilengedwe la boma la America, la EPA, linkagwiritsa ntchito mlingo wa mamiligalamu 400 pounika malo okhala anthu, ndipo mu 2024 linautsitsa kufika pa 200.

Kafukufuku wa akatswiri a ku University of Zambia ndi Hokkaido University ya ku Japan, amene anasindikizidwa mu 2015 motsogozedwa ndi Dr John Yabe, anayeza magazi a ana 246 osakwana zaka 7 a ku Chowa, Kasanda ndi Makululu. Ana onsewo anapezeka ndi mtovu woposa mamaikulogalamu 5 pa desilita ya magazi, mlingo umene bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati mwana akaufika pafunika kufufuza ndi kuchotsa gwero la poizoni. Ambiri mwa ana a ku Kasanda anali pamwamba pa 45, pamene madokotala amayamba kupereka mankhwala ochotsa mtovu m'thupi.

Bungwe la WHO limanena kuti palibe mlingo wa mtovu m'magazi umene ungatchedwe wabwinobwino, ndiponso kuti thupi la mwana limayamwa mtovu umene wameza kanayi kapena kasanu kuposa thupi la munthu wamkulu. Mtovu umaononga ubongo umene ukukula, umachepetsa nzeru ndi magazi, ndipo chimene waononga sichibwereranso mwakale. Mu 2022 katswiri wa bungwe la United Nations woona za ufulu wa anthu ndi chilengedwe, David Boyd, anaika Kabwe m'gulu la malo oipitsidwa koposa padziko lapansi.

Mmene makalawa amagwirira ntchito

Biochar amapangidwa potentha zinthu monga zitsononkho, mapesi, makoko a mtedza, mankhusu a mpunga, ndowe kapena zitosi za nkhuku pamalo opanda mpweya wokwanira, pa kutentha kwa pakati pa madigiri 300 ndi 700. Zinthuzo sizipsa mpaka kusanduka phulusa lokhalokha, koma zimatsala ngati makala opepuka okhala ndi timabowo tosawerengeka. Lusoli ndi lakale: kudera la Amazon ku Brazil kuli nthaka yakuda yachonde yotchedwa terra preta, imene anthu akale anaipanga pokwirira makala ndi zinyalala za pakhomo zaka mazana ambiri zapitazo, ndipo makalawo akadalimo mpaka lero.

Kuti nkhaniyi imveke bwino, pafunika kudziwa kuti mtovu wonse umene uli m'dothi suvulaza mbewu mofanana. Gawo lalikulu limakhala lomatirira ku timiyala ndi dongo, pamene gawo lochepa limasungunuka m'chinyezi cha m'nthaka, ndipo gawo losungunukali ndi limene mizu imayamwa komanso limene limatsika kukafika m'zitsime. Nthaka ikakhala ndi asidi wambiri, gawo losungunukali limakula.

Ntchito yoyamba ya makalawa ndi kuchepetsa asidiyo. Aliyense amene anaonapo chidulo chikutchezedwa kuchokera ku phulusa la zitsononkho amadziwa mphamvu imene ili m'phulusa. Phulusa lomwelo limatsalira m'makala a biochar, ndipo likalowa m'nthaka ya asidi limagwira ntchito yofanana ndi ya laimu. Asidi akachepa, mtovu, kadimiyamu ndi zinki zimasiya kusungunuka msanga.

Ntchito yachiwiri imachokera ku michere ya fosifeti ndi kaboneti imene ili m'makalawo. Mtovu ukakumana ndi fosifeti umagwirana naye n'kupanga mwala wotchedwa pyromorphite, umene ndi umodzi mwa miyala ya mtovu yovuta kwambiri kusungunula. Apa ndi pamene mtundu wa zinthu zimene zatenthedwa umakhala wofunika, chifukwa ndowe ndi zitosi zimakhala ndi fosifeti wambiri kuposa mitengo ndi udzu. Kafukufuku wa ku University of Florida wa mu 2009 anapeza kuti makala a ndowe za ng'ombe za mkaka anakoka mtovu m'madzi kasanu n'kamodzi kuposa makala okonzedwa m'fakitale amene amagwiritsidwa ntchito posefa madzi.

Ntchito yachitatu ndi ya timabowo ndi khungu la makalawo, pamene tizidutswa ta zitsulo timakakamira ndi kukodwa.

Pa njira zonsezi palibe ngakhale imodzi imene imatulutsa mtovu m'munda. Dothi limene linali ndi mamiligalamu 3,000 pa kilogalamu likayezedwanso litathiridwa makala, mlingo wa mtovu wonse umapezeka uli pafupifupi womwewo. Chimene chimatsika ndi gawo losungunuka lokha. Choncho lipoti lililonse limene likunena kuti makala achepetsa mtovu ndi theka liyenera kufunsidwa kuti likunena za mlingo uti.

Zimene kafukufuku wa m'minda wapeza

Zambiri zimene zalembedwa pa nkhaniyi zinachokera m'miphika ya m'nyumba zoyezera, mmene dothi limasakanizidwa bwino ndipo kuyesa kumatha m'milungu yochepa. Kafukufuku wochitikira m'minda yeniyeni ndi wochepa, ndipo wambiri ndi wa ku China, kumene kauniuni wa boma wa mu 2014 anapeza kuti 19.4 pa 100 alionse a malo olima amene anayezedwa anali oipitsidwa kuposa mlingo wololedwa, makamaka ndi kadimiyamu.

Akatswiri a ku Nanjing Agricultural University anathira makala a mapesi a tirigu kamodzi kokha m'munda wa mpunga woipitsidwa m'chigawo cha Jiangsu, pa milingo ya matani 10, 20 ndi 40 pa hekitala, n'kuutsata kwa zaka zitatu kuyambira 2010 mpaka 2012. Zotsatira zake, zimene zinatuluka mu 2014, zinasonyeza kuti kadimiyamu ndi mtovu wosungunuka zinatsika m'nthaka kwa zaka zonse zitatu, ndipo kadimiyamu anachepa m'mbewu ya mpunga. Koma kwa mtovu, kuchepa kooneka kunapezeka m'mizu mokha. Izi zikutanthauza kuti chitsulo chilichonse chili ndi khalidwe lake, ndipo chipambano pa kadimiyamu sichingatengedwe ngati umboni wa chipambano pa mtovu.

Ku England, kafukufuku wa mu 2010 wotsogozedwa ndi Luke Beesley anapereka chenjezo lina. M'dothi loipitsidwa ndi zitsulo zingapo nthawi imodzi, makala anachepetsa kadimiyamu wosungunuka kakhumi, koma aseniki ndi kopa wosungunuka anachuluka kuposa maulendo 30. Aseniki amasiyana ndi mtovu chifukwa amamasuka asidi akachepa, ndiponso fosifeti amamulanda malo amene anamatirira. Mankhwala amene amamanga chitsulo china angathe kumasula china.

M'dziko la Zambia momwemo makalawa anayesedwa kale, ngakhale kuti cholinga chinali chokweza zokolola. Akatswiri a ku Norway, motsogozedwa ndi Gerard Cornelissen, mogwirizana ndi bungwe la Conservation Farming Unit ndi University of Zambia, anathira makala a zitsononkho m'mayenje obzalamo chimanga pa malo asanu. Lipoti lawo la mu 2013 linati ku Kaoma, kumene nthaka ndi yamchenga ndiponso ya asidi, chimanga chinachuluka pafupifupi kanayi ndi matani 4 okha pa hekitala, pamene m'malo ena okhala ndi nthaka yabwinopo kusintha kunali kochepa kapena kunalibe. Phunziro lake likukhudzanso nkhani ya poizoni: makalawa amaonetsa mphamvu m'nthaka ya asidi ndi yamchenga, ndipo m'nthaka imene ilibe asidi wambiri phindu lake limachepa.

Ku Kabwe kwenikweni, akatswiri a pulojekiti ya KAMPAI, imene inayamba mu 2016 mothandizidwa ndi boma la Japan, anayesa manyowa a nkhuku ndi fetereza wa fosifeti m'munda wa chimanga pafupi ndi mgodi. Zotsatira zimene anasindikiza mu 2020 zinasonyeza kuti zinthuzi zinachepetsako zitsulo zolowa m'chimanga, koma chiopsezo kwa munthu wodya chimangacho sichinathe. Malamulo a chakudya a Codex amalola mtovu wosaposa mamiligalamu 0.2 pa kilogalamu ya mbewu monga chimanga ndi 0.3 pa kilogalamu ya ndiwo zamasamba. Pamene dothi laipa mopitirira, kuchepetsa ndi gawo limodzi la magawo anayi kapena ngakhale ndi theka sikufikitsa chakudya pansi pa milingo imeneyi.

Pamene mphamvu yake imathera

Njira yaikulu imene mtovu umalowera m'thupi la mwana wa ku Kabwe ndi fumbi ndi dothi. Mwana wokwawa amagwira pansi n'kuika dzanja m'kamwa, amasewera pabwalo lopanda udzu, amadya nsima imene fumbi lagwerapo, ndipo amayi ena oyembekezera amadya dothi. Ngakhale pa ndiwo zamasamba monga repu ndi nkhwani, gawo lina la mtovu silidzera m'mizu koma ndi fumbi limene lamatirira pamasamba.

M'mimba mwa munthu muli asidi wamphamvu kwambiri kuposa wa m'nthaka ina iliyonse yolimidwa. Mtovu umene unaleka kusungunuka chifukwa chakuti makala anachepetsa asidi wa m'munda, kapena umene unagwirana ndi kaboneti, umasungunukanso ukafika m'mimba. Mwala wa pyromorphite ndi umene umapirirako, koma si mtovu wonse wa m'munda umene umasanduka mwalawu. Motero bwalo la nyumba limene lathiridwa makala likhoza kupereka zotsatira zabwino pa kuyeza kwa a zaulimi, koma n'kukhalabe loopsa kwa mwana wa zaka ziwiri.

Vuto lachiwiri ndi la nthawi. Makala enieniwo amatha kukhala m'nthaka zaka mazana, koma phulusa limene limachepetsa asidi limakokoloka ndi mvula m'zaka zochepa. Fetereza wa yureya ndi wa salufeti, amene alimi amathira chaka ndi chaka, amabwezera asidi m'nthaka. Asidi akabwerera, gawo lina la zitsulo zimene zinamangidwa limamasukanso. Pulojekiti imene imathira makala kamodzi, n'kuyeza patatha miyezi itatu, n'kutseka mabuku, siingadziwe chimene chidzachitike m'chaka chachisanu.

Vuto lachitatu ndi la makala omwewo. Moto suotcha mtovu kapena kadimiyamu. Mapesi amene akula m'munda woipitsidwa akatenthedwa, kulemera kwake kumatsika koma zitsulo zambiri zimatsala, kotero kuti makalawo amakhala ndi poizoni wochuluka pa kilogalamu kuposa mapesi aja. N'chimodzimodzi ndi matope a m'madamu a zimbudzi za m'tauni, kumene madzi a m'mafakitale amatsikira. Makala a ku Kabwe angafunike kupangidwa ndi zotsalira zochokera kutali ndi mgodi, ndipo kunyamula kumakweza mtengo.

Chenjezo la aseniki linakhala lofunika kwambiri ku Zambia pambuyo pa ngozi ya pa 18 Febuluwale 2025, pamene damu losungira zinyalala za pamgodi la kampani ya Sino-Metals Leach Zambia ku Chambishi linaphulika. Malipoti oyamba anati malita pafupifupi 50 miliyoni a madzi a asidi anakhuthukira mumtsinje wa Mwambashi n'kulowa mu Kafue, ndipo nsomba zinafa, mbewu za m'mphepete mwa mitsinje zinaonongeka, komanso mzinda wa Kitwe unatsekeredwa madzi a m'mipopi kwa kanthawi. Boma linagwiritsa ntchito ndege za asilikali pothira laimu mumtsinje kuti asidi achepe.

Mu Ogasiti chaka chomwecho ofesi ya kazembe wa America inachotsa antchito ake m'deralo ponena kuti muli aseniki, sayanaidi ndi yureniyamu, koma boma la Zambia linatsutsa, likunena kuti madzi anali atabwerera mwakale. Kaya zoona zili mbali iti, minda imene inamizidwa ndi matope otere imakhala ndi zitsulo zosakanikirana, ndipo kuthiramo makala dothi lisanayezedwe kungathe kumanga zina n'kumasula aseniki ngati alimo.

Kuchuluka kwake ndi nkhani ya mitengo

Mlingo wofunika pomanga zitsulo ndi waukulu kuposa wokwezera zokolola. Ku Kaoma matani 4 anakwanira chifukwa ankathiridwa m'mayenje mokha, pamene kumanga poizoni kumafuna kuti dothi lonse la pamwamba lisakanizidwe, ndipo kafukufuku wambiri amagwiritsa ntchito matani 20 mpaka 40 pa hekitala. Popeza zotsalira zouma zikatenthedwa zimatsala pafupifupi gawo limodzi la magawo anayi kapena asanu, matani 20 a makala amafuna matani 80 mpaka 100 a zitsononkho kapena mapesi. Mlimi mmodzi sangapeze zotsalira zochuluka chotere ngakhale atasunga za zaka zambiri.

Padimba laling'ono chiwerengerocho chimasintha. Malo a mamita 10 m'litali ndi 10 m'lifupi amafuna makilogalamu 200 a makala pa mlingo womwewo, ndipo awa angapangidwe ndi gulu la alimi m'nyengo imodzi yokolola. Njira ya Kon-Tiki, imene inayambitsidwa mu 2014 ndi akatswiri a ku Ithaka Institute ya ku Switzerland, imangofuna dzenje lotambalala pamwamba ndi lopanikizika pansi. Zotsalira zimaikidwa pang'onopang'ono, malawi a pamwamba amatsekereza mpweya ndi kuotcha utsi, kenaka makalawo amazimitsidwa ndi madzi kapena dothi.

Choopsa n'chakuti msika wa makalawa ukakula popanda malamulo, ogulitsa angapeze kuti n'chapafupi kudula mitengo kusiyana ndi kutolera zitsononkho. Nkhalango za miombo zikutha kale kaamba ka makala ophikira, ndipo mu Epulo 2024 boma la Zambia linaimitsa ziphaso zootchera makala m'maboma a Mumbwa, Itezhi-Tezhi ndi Shibuyunji. Palinso makampani amene amapeza ndalama pogulitsa ziphaso za kaboni kuchokera ku biochar, ndipo malipiro awo amatengera matani amene akwiriridwa, osati kutsika kwa mtovu m'magazi a ana. Boma likamavomereza mapulojekiti otere liyenera kuika muyeso wa zaumoyo m'pangano momwe.

Gwero likapanda kutsekedwa

Zimene zayesedwa kale ku Kabwe zikusonyeza kumene kuli nkhani yaikulu. Mu 2015 bungwe la Pure Earth, mogwirizana ndi mabungwe a m'deralo, linayesa ku Chowa njira yoyala chinsalu cholimba pabwalo n'kukwirira ndi dothi laukhondo lochokera kwina. Mu Disembala 2016 Banki Yaikulu Padziko Lonse inavomereza ngongole ya madola 65.6 miliyoni yokonzera madera a migodi a Kabwe, Kitwe, Chingola ndi Mufulira. Pulojekitiyi, imene inatha mu 2024, inathandiza kuyeza ndi kupereka mankhwala kwa ana komanso kukonza nyumba zina, koma milu ya zinyalala za pamgodi sinaphimbidwe.

Bungwe la Human Rights Watch linanena m'lipoti lake la mu 2019 kuti ana amene alandira mankhwala amabwerera kumalo omwewo a fumbi. M'lipoti lina la mu Malichi 2025 linati makampani ndi anthu wamba akhala akukumba zinyalalazo kuti apezemo zinki ndi mtovu, ndipo milu ina yasamutsidwira m'malo osiyanasiyana a tauniyo. Pamene mulu uli poyera, bwalo limene lakonzedwa chaka chino limadzazidwanso ndi fumbi m'zilimwe zotsatira, kaya linathiridwa makala kapena dothi latsopano.

Nkhani ya amene ayenera kulipira yafika mpaka kukhoti. Mu Okutobala 2020 maloya anasumira kampani ya Anglo American South Africa kukhoti lalikulu la ku Johannesburg m'malo mwa ana ndi amayi pafupifupi 140,000, ponena kuti kampaniyo inali ndi mbali pa kayendetsedwe ka mgodiwo kuyambira 1925 mpaka 1974. Kampaniyo imakana mlanduwo, ikunena kuti sinali mwini wake wa mgodi ndipo udindo uli m'manja mwa amene anautenga boma litaulanda. Mu Disembala 2023 khotilo linakana kuti mlanduwo uzengedwe ngati wa gulu, ndipo mu Epulo 2024 odandaula analoledwa kuchita apilo. Milandu yotere imatenga zaka, ndipo n'zomveka kuti akuluakulu amakopeka ndi njira yachangu ndi yotchipa. Koma njira yotchipa ikalengezedwa ngati yankho lonse, imapereka mpata kwa oyenera kulipira woti anene kuti ntchito yachitika kale.

Pamene makalawa angathandizedi

Zonsezi sizikutanthauza kuti makalawa alibe malo. Pa madimba amene ali kutali pang'ono ndi mgodi, kumene dothi laipa mwapakatikati ndipo lili ndi asidi, makala a zitosi kapena ndowe, osakaniza ndi manyowa ndi laimu, angathe kutsitsa zitsulo zolowa m'ndiwo pamene akusunganso chinyezi. Mabanja amene amadalira madimba otere sangaleke kulima chifukwa choti wina wawaletsa, ndipo kuchepetsa chiopsezo kuli bwino kusiyana ndi kuwasiya okha.

Ntchito ina, imene mwina ndi yofunika koposa ku Kabwe, ndi yothandiza udzu kumera. Pamalo oipitsidwa kwambiri zomera zimafa chifukwa cha zinki ndi asidi, ndipo nthaka imakhala yambee, mphepo n'kumaiseseratu. Makala akachepetsa ululu wa zitsulo kumizu, udzu ndi zitsamba zosadyedwa zimatha kugwira, ndipo mizu yake imamanga dothi. Apa makala amathandiza kuchepetsa fumbi kudzera mwa zomera, malinga ngati ziweto sizikudya udzuwo ndipo anthu sakuutentha.

Pamabwalo a nyumba, a sukulu ndi a masewera a ana, kumene mlingo wa mtovu wafika m'masauzande, njira yodalirika ikadali yochotsa kapena kuphimba dothilo. Ofuna kulima ndiwo pamalo otere amalangizidwa kugwiritsa ntchito mabedi okwera kapena matumba a dothi lochokera kwina ndi kutsuka masamba bwinobwino asanaphike.

Phunziro kwa dziko la Malawi

Dziko lino lilibe mgodi wa mtovu ngati wa ku Kabwe, koma ntchito za migodi zikukula. Mgodi wa yureniyamu wa Kayelekera ku Karonga, umene unaima mu 2014, unayambanso ntchito mu 2025 pansi pa kampani ya Lotus Resources, ndipo pali mapulojekiti ku Kasiya m'boma la Lilongwe, Kangankunde ku Balaka, Songwe Hill ku Phalombe ndi Kanyika ku Mzimba. Ku Kasiya, kampani ya Sovereign Metals inalengeza kuti inagwiritsa ntchito biochar pamodzi ndi laimu ndi fetereza pobwezeretsa chonde pamalo amene inakumba moyeserera. Cholinga kumeneko chinali chonde, ndipo zotsatira zake siziyenera kuwerengedwa ngati umboni pa nkhani ya poizoni.

Chiopsezo chimene chilipo kale ndi cha m'mizinda. Akatswiri a m'sukulu zaukachenjede za m'dziko muno anapeza mtovu ndi kadimiyamu m'mitsinje ya mumzinda wa Blantyre monga Mudi, imene imadutsa m'dera la mafakitale ndipo m'mphepete mwake anthu amalima ndiwo zogulitsa m'misika. Madimba otere ndi amene angapindule ndi makala a mankhusu a mpunga, makoko a mtedza kapena zitosi, koma pokhapokha madzi othirira atasiya kubweretsa zitsulo zatsopano tsiku ndi tsiku.

Bungwe la MEPA, limene linakhazikitsidwa pansi pa lamulo la zachilengedwe la mu 2017, pamodzi ndi Malawi Bureau of Standards, malo a kafukufuku a Chitedze ndi Bvumbwe komanso sukulu ya LUANAR, ali ndi mwayi wokonza ndondomeko vuto lisanakule. Ndondomekoyo ingafunike kunena kuti dothi liyezedwe zitsulo zonse, kuphatikizapo aseniki, makala asanathiridwe. Kuti makala ogulitsidwa akhale ndi chizindikiro cha zimene anapangira ndi zotsatira za kuyeza. Kuti kudula mitengo popanga biochar kuletsedwe m'dziko limene mabanja oposa 90 pa 100 alionse amaphikira nkhuni ndi makala. Ndiponso kuti kuyeza kubwerezedwe kwa zaka zingapo pa mbewu zimene anthu amadya.

Chofunika koposa chili m'ziphaso za migodi. Ndalama zophimbira milu ya zinyalala ndi kusamalira madamu ziyenera kusungidwa mgodi ukadali kupanga phindu, chifukwa ku Kabwe ntchito imeneyi inasiyidwa mpaka mgodi unatsekedwa, ndipo patha zaka zoposa 30 isanachitike. Mwambi wa makolo umati konza kapansi kuti kam'mwamba katsike. Pa nkhani ya mtovu, kapansi ndi mulu wa zinyalala ndi bwalo limene mwana amakwawapo, ndipo makala a m'dimba amabwera zimenezi zitakonzedwa.